Nkhalamba Ikamalembera Mwana

Pa msewu wa Haile Selassie, m'dera la Longacres mu mzinda wa Lusaka, pali nyumba ya boma yotchedwa Curriculum Development Centre, m'mene amuna ndi akazi ophunzira amakhala pansi kuyesa mabuku amene ana a sukulu a dziko la Zambia adzawerenga, navomereza ena, nabweza ena kwa eni ake. Ndipo ngakhale ntchito yonse ya nyumbayo ndi ya ana, palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene amakhala nawo pa bwalo limenelo. Sindinena izi modzudzula, pakuti sizingachitike mwa njira ina. Buku la mwana amalemba ndi wamkulu, amasindikiza ndi wamkulu, amaliweruza ndi wamkulu, ndipo wopisa m'thumba kuti aligule ndi wamkulunso. Mwanayo amangolandira, monga alandira dzina limene sanadzisankhire. Kalembera wa chaka cha 2022 anapeza anthu oposa 19 miliyoni m'dziko muno, ndipo pafupifupi theka la khamu limenelo ndi ana. Chotero funso limene ndifuna kulisinkhasinkha si laling'ono, ndipo likhudza chikumbumtima koposa luso la kalembedwe: kodi munthu amene dzuwa lake lapendeka ali ndi ulamuliro wanji wolankhula mu mtima wa mwana amene adzakhala m'dziko limene wolembayo sadzaliona?

Makolo athu funso limeneli silinawasowetse tulo, chifukwa mwambo wa nthano unali utaliyankha kale. Nthano sinkakambidwa masana ntchito ikali m'manja. Inkadikira kuti nsima idyedwe, mbale zitsukidwe, ana asonkhane, ndipo pamenepo gogo akati, "Padangokhala," ana onse ankavomera kuti, "Tili tonse," osati poyamba pokha ayi, koma pa mpumo uliwonse wa wokambayo kufikira nthano itatha. Gogoyo ankalankhula chifukwa ana anali kumulola, ndipo kuvomerako kukayamba kuzilala, wina atayamba kusinza, wina atayamba kutsina mnzake, gogo wanzeru ankadziwa kuti anthu ake amuthawa, nafulumira kuyambitsa nyimbo, kapena kumtulutsa Fisi m'thengo nthawi yake isanakwane, kapena kudula chilangizo chimene anafuna kuchitalikitsa. Ngakhale zinkaoneka ngati wamkulu ndiye mwini bwalo, ulamuliro wake unkachokera m'kamwa mwa tiana, ndipo ankaulandira mwatsopano pa chiganizo chilichonse. Buku linachotsa zimenezi. Wolemba angathe kulankhula masamba makumi asanu mwana atachoka kale, iye osadziwa kanthu. Ndipo popeza mwanayo amakakamizidwa kumaliza bukulo chifukwa cha mayeso, amene bungwe lake lili pa msewu womwewo wa Haile Selassie, wolembayo angathe kutsikira kumanda akukhulupirira kuti anamveka.

Pamene nthano inalowa m'mabuku ndi m'wailesi, mzinda uno unali pakati pa ntchitoyo. M'chaka cha 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa bungwe limodzi losindikiza mabuku a m'zinenero zathu, likulu lake kuno ku Lusaka, kotero kuti mwana wa ku Katete ndi mwana wa ku Dedza ankatha kuwerenga buku limodzimodzi. Ndipo chaka chotsatira kunafika kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kamene kanalowetsa m'nyumba za anthu wamba mawu a oimba ndi oulutsa monga a Alick Nkhata, amene dzina lawo lili lero pa msewu wochoka pa Longacres kulowera ku nyumba ya wailesi ya dziko. Ufulu utabwera, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, a Julius Chongo ankakamba pa wailesi nthano zawo za Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi kulankhula mawu a mfumu, a nkhalamba, a mwana ndi a chilombo, akusakaniza nthano za makolo ndi zochitika za masiku awo. Ndipo zina mwa nthanozo zili pa pepala lero chifukwa a Ernst Wendland, mphunzitsi wa ku seminale ya Lutheran ku Chelstone, anazilemba nazisindikiza m'chaka cha 2004. Koma pali chinthu chimene ambiri sitichisamala. A Samuel Nthara, amene buku lawo la Nthondo linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano, anabadwa mu 1905, ndipo anali mphunzitsi wosafika zaka 30. A Chongo nawonso anayamba ntchito yawo akali mnyamata. Mawu amene ife lero timawamva ngati a nkhalamba anali a anyamata amene anakhala pa mapazi a nkhalamba nthawi yokwanira. Masiku amenewo ana ndiwo ankapita kwa akulu, chifukwa kunalibe kwina kopita dzuwa likalowa.

Njira imeneyo inatsekeka pang'onopang'ono, ndipo si foni imene inayamba kuitseka. Lamulo la maphunziro la 1966, a John Mwanakatwe ali nduna, linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba, pofuna kumanga pamodzi dziko la mitundu yambiri; cholingacho ndichilemekeza, koma mtengo wake unali wakuti kunakula m'badwo wodziwa kuwerenga m'chinenero chimene agogo ake sankachimva, ndi wosazolowera kuwerenga chimene agogowo ankalankhula. Mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zosindikizira zinasowa, mabuku ambiri a Chinyanja analeka kuoneka m'masitolo. Kenaka kunadza mliri wa Edzi, umene unakolola makamaka a zaka zapakati, amayi ndi abambo amene akanaima pakati pa gogo ndi mdzukulu kumasulira wina kwa mnzake. Ndipo m'nyumba zambiri za ku Kabwata, ku Kalingalinga ndi ku Mtendere munatsala nkhalamba ndi makanda, oyang'anizana, okondana, koma osowa womasulira. Ndondomeko imene inayamba mu 2014 inabwezera zinenero za m'dziko m'makalasi anayi oyamba, koma mkangano wa chinenero sunathe mpaka lero, ndipo lamulo silingabweze m'chaka chimodzi chimene chinatayika m'zaka makumi asanu.

Tsono munthu wachikulire, mphunzitsi wopuma kapena namwino wopuma, akaona zimenezi namva chisoni, natenga cholembera kuti alembere adzukulu, yesero loyamba limene limampeza ndi la kulalikira. Iye wamva kuyambira ubwana kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo mwambiwo ndi woona; koma amaiwala kuti mawu sangagonere mu mtima umene sanalowemo. Chotero amalemba nkhani imene mathero ake aoneka kale pa tsamba loyamba: mwana womvera alemera, mwana wosamvera apita ku tauni nafera komweko, mudzi ndi Edeni, mzinda ndi Sodomu. Koma mwana amene akuwerengayo anabadwira ku Chelstone, mudzi wa makolo ake anauona kamodzi pa maliro, ndipo buku likamuuza kuti kwawo kumene amakonda ndi malo a chitayiko, iye amamva kuti wolembayo sakumdziwa ndipo sakumfuna. Amatseka bukulo nanena mumtima chimene achinyamata a mibadwo yonse ananena, kuti tsobola wakale sawawa. Ena, poopa zimenezi, amagwera mbali ina, navala malankhulidwe a ana amene sakuwadziwa bwino, nadzaza nkhani ndi mafoni ndi mayina a oimba kuti aoneke atsopano. Amenewa ana amawazindikira msanga koposa oyamba aja.

Ine ndikafuna chitsanzo cha nkhalamba imene inadziwa malo ake pamaso pa mwana, ndimapita ku Silo, kwa wansembe Eli, m'chaputala chachitatu cha buku loyamba la Samueli. Munthu ameneyu sitimakonda kumtchula pa guwa, chifukwa ana ake Hofeni ndi Pinehasi anaipitsa nsembe iye osawaletsa ndi mphamvu, ndipo nyumba yake inaweruzidwa. Koma usiku umodzi wa moyo wake uli ndi nzeru yoposa maulaliki ambiri. Anali wokalamba, maso ake atachita khungu, m'masiku amene mawu a Mulungu ankamveka kamodzikamodzi. Ndipo pamene mawuwo anadza, sanadze kwa iye amene anatumikira zaka zonsezo, koma kwa kamnyamata kogona pafupi ndi likasa, kamene sikanadziwe n'komwe kuti woitanayo ndani. Katatu mwanayo anathamangira kwa Eli, poyesa kuti ndiye wamuitana. Taonani mpata umene nkhalambayo inali nawo! Ikanatha kuvomera kuti inde ndine, nitenga ulemu wa Mwini mawu kukhala wake, mwanayo osadziwa konse. Ikanathanso kumkalipira kuti aleke kulota ndi kusokoneza tulo ta akulu. Eli sanachite chimodzi mwa izi. Ananena zoona kuti sindine, ndipo atazindikira chimene chinali kuchitika, anaphunzitsa mwanayo kayankhidwe, namubweza kukagona yekha kumalo kumene mawuwo akamupeze iye, Eliyo palibe.

Apa ndi pamene ndipeza yankho la funso langa. Ulamuliro wa nkhalamba yolembera ana ndi wa Eli: iye si mwini mawu amene adzaitana mwanayo, ndipo sadziwa chimene mawuwo adzanena, pakuti dziko la mawa lili ndi maitanidwe ake amene ife sitidzawamva; koma chimene adziwa, chimene mwana sangachidziwe payekha, ndi chakuti kuitana kulipo, kuti kusakhazikika kumene mwana amamva usiku si misala, ndi kuti pali kaimidwe ka mtima koyenera woitanidwa. Nthano yabwino imachita zomwezo. Simuuza mwana chimene adzakhale. Imamzoloweretsa kumva chisoni cha wina, kudikira mathero, kuzindikira chinyengo cha mawu okoma, kukhulupirira kuti wamng'ono angathe kupulumuka pamaso pa wamphamvu. Kenaka imambweza ku moyo wake, wolembayo natsala m'mbuyo. Mose anaona dziko la lonjezano ali pa phiri la Nebo, koma sanapatsidwe kuti agawe minda yake.

Koma nkhani ya ku Silo sinathere usiku, ndipo mbali yake ya m'mawa ndiyo yolemera. Uthenga umene Samueli analandira unali chiweruzo cha nyumba ya Eli yemweyo, ndipo mwanayo anaopa kuunena. Anali Eli amene anayamba kuitana, namlumbiritsa mwanayo kuti asambisire kanthu. Ndipo atamva zonse, sanati mwana alibe mwambo, sanafunse kuti wamtuma ndani, koma anaweramitsa mutu navomera kuti wanena ndi Yehova. Mwa zonse zimene ukalamba ufunsidwa, ndiyesa chovuta koposa ndi ichi, kufunsa mwana chimene waona mwa ife ndi kupirira yankho lake. Mneneri Malaki, m'mawu otsiriza a Chipangano Chakale, polosera za kuyanjana kwa mibadwo, anayamba ndi mitima ya atate kutembenukira kwa ana, ndipo pambuyo pake mitima ya ana kwa atate. Ine sindikhulupirira kuti dongosolo limenelo linangochitika mwangozi. Wamkulu ndiye ayamba, chifukwa iye anakhalapo mwana, pamene mwana sanakhalepo nkhalamba.

M'dziko muno alipo amene anayenda njira imeneyi. A Kenneth Kaunda anasindikiza mu 1973 buku lotchedwa Letter to My Children, m'mene tate wotanganidwa ndi boma afotokozera ana ake chikhulupiriro chake. Ndi buku la mtima woona, koma ndi kalata, ndipo m'kalata mwana sayankha. Ine ndiyesa kuti tate ameneyu analankhula kwa ana a dziko mwamphamvu koposa mu 1987, pamene anaulula poyera kuti mwana wawo Masuzyo anamwalira ndi Edzi, pa nthawi imene mabanja ambiri ankabisa dzina la nthendayo. Pamenepo anavomera chowawa cha m'nyumba mwawo monga Eli, ndipo achinyamata anamva. Mayi Ellen Banda-Aaku, amene buku lawo la ana la Wandi's Little Voice linalandira mphotho ya Macmillan mu 2004, analembanso Patchwork, limene linapambana mphotho ya Penguin mu 2010, m'mene kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi ka mu Lusaka wa m'zaka za m'ma 1970 kaona zonse zimene akulu ayesa kuti abisa, kuledzera kwa mayi ake ndi banja lina la bambo ake. Bukulo ndi la akulu, koma mwini wake anagwada kuti aone dziko kuchokera pa msinkhu wa mwana. Mayi Mulenga Kapwepwe, obadwa mu 1958, mwana wa a Simon Kapwepwe amene nawonso analemba mabuku m'Chibemba, sananyoze zipangizo za adzukulu. Anagwirizana ndi mayi Samba Yonga, wa m'badwo wotsatira, nakhazikitsa Women's History Museum of Zambia, natulutsa timafilimu ta zithunzi zojambula tosimba za akazi otchuka a m'mbiri ya dziko lino, timene mwana angaonere pa foni. Bungwe la Lubuto, limene linatsegula laibulale yake yoyamba ku Kamwala mu 2007 pakati pa ana a m'misewu, linakafufuza ku Library of Congress ku Washington mabuku akale a m'zinenero za Zambia amene kwawo kuno anali atasowa, nawajambula kuti awerengedwenso pa kompyuta. Ndipo chimene chinandikhudza koposa ndi ichi: pamene wolemba wachitsikana, Malenga Mulendema, anapanga Supa Team 4, imene inaonetsedwa pa Netflix mu 2023, nkhani ya atsikana anayi opulumutsa mzinda wa Lusaka, anawapatsa mayi wachikulire, Mama K, kuti awasonkhanitse ndi kuwatsogolera. Palibe anamkakamiza kutero. Samueli akali kuthamangira kwa Eli. Chofunika n'chakuti akafika apeze munthu wogalamuka.

Pa nkhani ya chinenero ndiyenera kulankhula mosamala, chifukwa ndi pamene mtima wanga uli. Mwana wa ku Kabwata amalankhula Chinyanja cha m'tauni, chosakanizika ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi. Mwana wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands kawirikawiri amalota m'Chingerezi, Chinyanja n'kumachimva kwa wantchito ndi kwa kondakitala wa minibasi. Ndipo onse awiri akatsegula buku la Chichewa chozama amaona ngati alowa m'dziko la eni. Ine chinenero chozamacho ndichikonda, ndipo mawu aliwonse akale amene afa ndimawalira. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ana awa sanachimwe pobadwira pamene mitundu inakumana. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo mipingo itaona kuti malankhulidwe asuntha, inagwirizana kumasuliranso, nitulutsa Buku Loyera mu 1998. Ngati Mawu a Mulungu analola kunenedwanso kuti m'badwo watsopano umve, Kalulu ndani kuti akane? Maganizo anga ndi akuti ana a m'nkhani alankhule monga alankhulira pa msewu wa kwawo, kuti wowerenga adzipeze. Koma wosimba nkhaniyo asataye chuma chake, aponye mawu akale apo ndi apo pamalo pamene nkhani yokha iwamasulira, monga ankachitira agogo, amene sanaimitsepo nthano kuti afotokoze tanthauzo la liwu. Ndipo asanatumize zolemba zake kwa osindikiza, aziwerenge mokweza pamaso pa ana asanu kapena khumi osamuopa, ayang'ane pamene maso awo achoka, chifukwa pamenepo ndi pamene "Tili tonse" waleka.

Wina angafunse kuti, ngati nkhalamba iyenera kumvera chotere, kodi yatsala ndi chiyani chakechake chopatsa? Yatsala ndi chimene mnyamata waluso sangachigule. Iyo yaika anthu ambiri m'manda, ndipo idziwa kuti chisoni chimene lero chioneka chosatha chimasintha nkhope pakapita zaka; yaona ndalama zikusintha, maboma akugwa, zinthu zimene zinkaoneka zamuyaya zikuphwasuka, ndipo ingathe kuuza mwana mosanama kuti dziko silinakhale chonchi nthawi zonse, choncho silidzakhala chonchi nthawi zonse. Akulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma moto suzima pouza mwana kuti kulibe moto. Nthano za makolo sizinkaopa mdima: munali ana amasiye ozunzidwa ndi mkazi wa bambo awo, munali njala, munali kaduka wa pachibale, ndipo a John Gwengwe polemba Sikusinja ndi Gwenembe sanabise kuti munthu angaphe mnzake wa ulendo umodzi chifukwa cha chuma, ndi kuti kambalame kakang'ono kangaulule mlandu umene munthu anaukwirira. Ife ndife amene tayamba kuyeretsa nkhani za ana mpaka kutsala zopanda magazi, ndipo ndiopa kuti nthawi zina timatero podziteteza tokha, osati poteteza iwo.

Pakuti zimene Samueli wa lero anganene, tikamlumbiritsa kuti asabise, tizidziwa kale. Anganene za malume amene alowa m'chipinda usiku banja lonse n'kukhala chete poopa manyazi. Anganene za tsiku lija bambo ake ataikidwa, pamene abale a malemu anafika ndi galimoto nanyamula mipando, firiji, ngakhale bedi limene mayi ake ankagonapo, ngakhale kuti lamulo la 1989 la chuma cha masiye linapatsa ana theka la chuma cha kholo lawo ndi kuteteza nyumba ndi katundu wa m'nyumba kuti zikhale za wamasiye ndi ana. Mwana wotere afunika buku limene lidzamuuza kuti chimene anaona chinachitikadi, kuti chinali choipa, ndi kuti iye sanalakwe pokwiya. Wachinyamata angalembe mkwiyowo bwino lomwe. Koma mmene anthu abwino, opemphera, oimba nyimbo pa maliro omwewo, anafikira pogawana katundu wa ana amasiye, mawu amene ananenedwa pa bwalo, ndi chifukwa chimene ena anakhalira chete, angalembe zimenezo ndi munthu amene analipo pogawapo, ndipo ambiri a ife a imvi tinalipo.